Ulendo wa ku Likoma nditasiya ntchito ya mu ofesi

Lachinayi, ku Monkey Bay

Ndafika kuno dzuwa litapendeka, nditanyamuka ku Limbe m'bandakucha pa minibasi yodzera ku Zomba, ku Liwonde ndi ku Mangochi. Papita miyezi itatu chisiyireni ntchito imene ndinaigwira kwa zaka 19, yowerengera ndalama pa kampani ina yaikulu mu mzinda wa Blantyre, ndipo aka n'koyamba kuyenda ulendo wautali popanda kulemba kalata yopempha tchuthi. Ndikupita ku Likoma, kwawo kwa malemu bambo anga, kumene ndinapondako komaliza ndili mtsikana wa folomu 2. Azakhali anga akadali moyo kumeneko, ndipo chaka ndi chaka akhala akunditumizira uthenga woti ndikawaone maso awo asanachite mdima, koma ine ndinkayankha ndi ndalama ya pa foni.

Titawoloka Shire pa Liwonde, bambo wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa funso limene timafunsana tikangomaliza kupatsana moni: "Nanga amayi, mumagwira kuti?" Kwa zaka zonsezi yankho linkatuluka lokha, ndipo ndinkaona mmene nkhope ya wofunsayo inkasinthira akamva dzina la kampani. Lero ndinayamba ndakhala chete, kenako ndinati panopa sindili pa ntchito. Bambowo anandipepesa ngati munthu woferedwa, nati zinthu zavuta m'dziko muno, ndisataye mtima. Sindinathe kuwauza kuti palibe amene anandichotsa, chifukwa pamene achinyamata a madigiri akugulitsa mayunitsi m'mbali mwa msewu, kunena kuti ndinasiya ndekha ntchito ya galimoto ndi inshuwalansi ya kuchipatala kumamveka ngati kunyoza anthu ovutika.

Achimwene anga aakulu anandiuza maganizo awo mosapsatira, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sindiwaimba mlandu, popeza fizi ya ana awo awiri ndimalipira ndine, ndipo ndisanapereke kalata yosiyira ntchito ndinachezera masiku ambiri ndikuwerengera ngati zimene ndinasunga zingawafikitse anawo kumapeto kwa folomu 4. Ziwafikitsa, ngakhale mothina. Chimene sindinathe kuwerengera ndi chakuti ndidzakhala yani ndikadzuka Lolemba m'mawa popanda kopita, ndipo miyezi itatu yapitayi ndaiona yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Foni imene inkalira mpaka usiku inangoti zii pasanathe sabata ziwiri.

Madzulo ano ndinapita ku doko kukafunsa za tikiti, ndipo ndinaipeza sitima ya Ilala ili phee pamadzi, anthu akulongedzamo matumba a chimanga, malata ndi simenti.

Lachisanu, pa nyanja

Tanyamuka m'mawa. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, naimangiridwa konkuno ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Dzina lake inatengera kwa sitima yaing'ono imene amishoni a Livingstonia anabwera nayo mu 1875, yomwe nayo inatchulidwa pokumbukira dera la Ilala kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Bambo anga ankakonda kunena kuti iwo ndi Ilala ndi amsinkhu umodzi, ndipo ndi pa sitima yomweyi pamene anachokera ku Likoma ali mnyamata, atanyamula sutikesi ya malata ndi satifiketi, kupita kukafuna ukalaliki ku Blantyre.

Ndinagula tikiti ya pamwamba, koma dzuwa litafika paliwombo ndinatsikira pansi, kumene kuli anthu ambiri ndi katundu wawo. Kumeneko munthu amaponda mosamala pakati pa madengu, makreti a zakumwa, nkhuku zomangidwa miyendo ndi ana ogona pa zitenje. Mwera unali utayamba kuwomba kuchokera kumbuyo kwathu, mafunde akuigwedeza sitima pang'onopang'ono, ndipo mayi wina anandikokera pa thumba lake la ufa kuti ndisagwe. Ndi wa ku Likoma, amachita geni ya usipa, ndipo akuchokera ku msika wa Limbe kumene anakagulitsa matumba atatu. Nditamufunsa ngati wapindula, anandionetsa ufa, mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za ana, nati phindu ndi limenelo. Nditafunsa kuti mpamba wabwerera wonse kapena ayi, anaseka, nati zimenezo akaziona akakafika pa gombe asodzi akakamutchulira mtengo wa ndowa. Funsolo linandikhala m'mutu tsiku lonse.

Popeza nthawi ilipo yambiri pa nyanja, ndilembe pano chimene chinandichotsa pa ntchito, chifukwa ngakhale kwa abale anga sindinachifotokoze bwino. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakokolola nyumba za ku Chilobwe, ndipo mmodzi mwa anthu amene anataya ana anali bambo amene ankatiphikira tiyi ku ofesi. Ine ndinali nditalemba malipiro ake mwezi ndi mwezi kwa zaka 11. Nambala yake ya pa ndandanda wa malipiro ndinkaidziwa pamtima, ngongole yake ya ku kampani ndinkaidziwa mpaka tambala yomaliza, koma tsiku la maliro ndinazindikira kuti sindinkadziwa kuti ali ndi ana angati. Ndinachoka pa siwa mofulumira chifukwa malipoti ankandidikira. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinapatsidwa ntchito yokonza ndandanda wosonyeza kuti kampani ingapulumutse ndalama zingati itachepetsa antchito, ndipo ndinaukonza bwino, molondola, pa nthawi yake, n'kuyamikiridwa. Usiku umenewo sindinagone. Sindikunena kuti anzanga amene ndawasiya kumeneko ndi anthu oipa, pakuti ambiri ndi olimbikira ntchito ndiponso akulera mabanja aakulu ndi malipiro awo. Chimene chinandipweteka ine ndi kuona kuti luso langa lonse linkathera pa ndalama za anthu amene sindinawaonepo, pamene anthu amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku ndinkawadziwa ndi manambala okha.

Tinaima ku Nkhotakota kutada. Sitima inaima patali ndi mtunda, ndipo anthu ndi katundu anabwera pa maboti, mwakuti ana ankaperekedwa m'manja mwa anthu osawadziwa kuti awakwezere m'sitima. Ndinalandira khanda limodzi, n'kulisunga mpaka mayi ake atakwera.

Loweruka, ku Likoma

M'mawa ndinaona mitambo yakuda itaima pamwamba pa madzi ngati utsi wa lupsa, ndipo wogwira ntchito m'sitima anandikumbutsa kuti ndi nkhungu, tizilombo tija timene anthu a kunyanja amakola n'kuumba zitumbuwa za ndiwo. Posakhalitsa malambe a pa Likoma anayamba kuoneka, kumbuyo kwake kuli mapiri a ku Mozambique, amene ali pafupi kwambiri kotero kuti nyumba za ku Cobue zimaoneka ndi maso. Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale madzi ochizungulira ndi a Mozambique, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,000 m'boma lonse, kuphatikizapo a ku Chizumulu. Tsiku lofika Ilala anthu amakhamukira ku doko ngati kuli ukwati, chifukwa ufa, shuga, mafuta ndi alendo zonse zimadzera pamenepo.

Azakhali anandidikira pa khonde, popeza miyendo siikuwalolanso kutsikira ku Mbamba. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, nati, "Mwana wa mlongo wanga, wafika ndikadaona." Anandiphikira kondowole ndi usipa wofutsa, ndipo titatha kudya ndinawauza kuti ndinasiya ntchito. Ndinkayembekezera kuti andipepesa ngati bambo wa mu minibasi, kapena andikalipira ngati achimwene. Iwo sanachite chilichonse cha zimenezi. Anandifunsa ngati ndinaba, ndipo nditati ayi, anandifunsa ngati ndikudwala. Nditakananso, anati, "Nanga tsopano manja akowo akugwira chiyani?" Ndinati palibe. Anagwedeza mutu, nati kuno munthu samufunsa kumene amagwira, chifukwa aliyense amamuona chimene akugwira, kaya ndi nkhafi, kaya ndi khasu, kaya ndi choko, ndipo munthu wa manja lende ndi wodwala yekha. Sanapitirize nkhaniyo. Anayamba kundiwerengera amene anamwalira m'mudzi muno chichokereni ine, ndipo mndandandawo unatitengera mpaka nyale za asodzi a usipa zitayamba kuoneka pa nyanja.

Lamlungu

Ndinapita ku mapemphero ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, pa Chipyela. Amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa chilumbachi mu 1885, ndipo ntchito yomanga tchalitchichi inayamba mu 1903, pamalo pamene kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti, kumene dzina la Chipyela linachokera. Bishopu Chauncy Maples, mmodzi mwa oyambitsa mishoni ya pano, sanachione, chifukwa anamira m'nyanja mu 1895 ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Ndili mwana ndinkachiona chachikulu chifukwa ndinali wamng'ono, koma lero ndachionanso chachikulu, ndipo ndinadabwa kuganiza kuti anthu a pa kachilumba kopanda msewu wopita kumtunda ndiwo anasenza zipangizo zake pamutu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si makoma ake ayi. Sukulu za mishoni iyi zinatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi makalaliki amene anabalalika m'dziko lonse ndi m'mayiko oyandikana nafe, ndipo bambo anga anali mmodzi wa iwo. Kwa anthu a mbadwo wawo, kuchoka pa bwato n'kukakhala pa desiki kunali kupulumuka, ndipo sankanama, popeza cholembera chawo ndi chimene chinatiphunzitsa ana asanu ndi mmodzi. Tsiku limene ndinakhoza mayeso omaliza a zowerengera ndalama, anavala jekete n'kuyenda nyumba ndi nyumba ku Ndirande kuuza anansi. Kwaya itayamba nyimbo imene iwo ankaiimba pometa ndevu, ndinalira osadzigwira, chifukwa ndinaona ngati ndataya chinthu chimene iwo anachigula ndi moyo wawo wonse.

Ndinawauza azakhali zimenezi madzulo. Anandiyankha kuti mlongo wawo akabwera ku tchuthi sankapuma, chifukwa anthu ankafola pa khonde lomweli kuti awalembere makalata opita kwa amuna awo ku migodi ya ku Joni ndi ku Wankie, awawerengere mapepala a chipukuta misozi, ndiponso awaonere mabuku a kampingo. Akuti ankakhala pa mkeka mpaka usiku, nyali ili pambali, ndipo sanawaonepo akusangalala monga ankasangalalira pamenepo. Mbali imeneyi ya bambo anga sindinkaidziwa. Ine ndinkangodziwa bambo obwera ku ntchito atatopa, ofuna madzi osamba ndi wailesi.

Lolemba

Lero ndi tsiku limene ndikufuna kulilemba mosamala. Azakhali ali m'gulu la banki mkhonde la amayi 22, ambiri a iwo ochita geni ya usipa ndi utaka, ndipo chifukwa cha miyendo yawo gululo limakumana pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pano. Ine ndinakhala chapatali ndikusenda chinangwa. Anabwera ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo anayamba ndi pemphero, kenako chopereka cha thumba la zadzidzidzi, kenako kugula masheya, aliyense akudindiridwa m'kabuku kake pamaso pa onse. Ndalama zinkawerengedwa mokweza ndi anthu awiri. Ndagwira ntchito ndi akatswiri ofufuza mabuku kwa zaka zambiri, ndipo ndikunena moona kuti dongosolo la amayi amenewa loletsa munthu mmodzi kugwira yekha ndalama ndi lokhwima kuposa la maofesi ena amene ndinawaona.

Komabe panali mkangano umene wakhala ukufuka kwa milungu itatu. Ndalama za m'bokosi ndi ngongole zimene zili kunja sizinkagwirizana ndi za m'kaundula, ndipo zinkaperewera ndi K46,000. Palibe amene anatchula mawu akuti kuba, koma maso onse ankapita kwa mlembi, mtsikana wa ana awiri amene analekezera folomu 3, ndipo iye anakhala chozyolika, akupotokola nsonga ya chitenje. Mayi wina ananena kuti ngati zili choncho ndi bwino agawane zimene zilipo gulu lithe. Pamenepo azakhali anakweza mawu, nati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwana wa mlongo wawo wakalambira pa ntchito ya manambala. Wapampando anandiyang'ana, nati, "Amayi, tithandizeni, tisadane pachabe."

Ndinasamba m'manja n'kukhala pa mkeka pafupi ndi mlembiyo. Ndinamupempha kuti awerenge yekha mzere uliwonse mokweza, ine ndikuyerekeza ndi timabuku ta mamembala, chifukwa sindinafune kuti zioneke ngati ndikumuzenga mlandu. Tinatenga maola awiri. Cholakwika choyamba chinali chakuti ngongole ya mayi wina inalembedwa kawiri, pa tsiku limene anaipempha ndi pa tsiku limene anailandira. Chachiwiri chinali chakuti ndalama zimene gulu linapereka pa maliro a mwana wa membala zinatengedwa m'thumba la ngongole chifukwa la zadzidzidzi linali litaperewera, aliyense anavomereza tsiku limenelo, koma sizinalembedwe paliponse popeza onse anathamangira ku maliro. Titaphatikiza ziwirizi, K46,000 inakwana yonse. Panali chete, kenako nthungululu, ndipo mayi amene ananena zothetsa gulu uja anadzuka n'kukagwada pamaso pa mlembiyo. Mtsikanayo sanalankhule. Anangondigwira mkono mwamphamvu, misozi ikugwera pa kaundula.

Ntchito imene ndagwira lero ndi yophweka kuposa iliyonse imene ndinkapatsa ophunzira ntchito ku ofesi, ndipo ndalama zake sizikanakwana ngakhale mafuta a galimoto yanga a sabata imodzi. Koma pa zaka 19 sindinaonepo manambala anga akumuchotsera munthu chitonzo, ine ndili pomwepo ndikumuona.

Atabalalika ena, mayi wa mu sitima uja, amene ndinapeza kuti ndi wa gulu lomweli, anatsalira ndi anzake anayi. Tinatenga pepala n'kuyamba kulemba ulendo umodzi wa usipa kuchokera pa gombe mpaka ku Limbe: mtengo wa ndowa kwa asodzi, wowanika pa thandala, matumba, wonyamula, tikiti ya munthu ndi ya katundu m'sitima, galimoto ya kumtunda, chiphaso cha msika, chakudya ndi pogona, nsomba zimene zimafumbutuka pa njira, ndiponso chiwongoladzanja cha ngongole ya ku gulu, chimene chimakula mwezi uliwonse pamene munthu akudikira sitima. Zambiri mwa izi anandiuza ndi iwo, ine sindikanazidziwa, ndipo anandikonza nditaiwala kuti nyengo ya mvula usipa umawola pa thandala, komanso kuti mwezi ukawala usipa umasowa ndipo mtengo wa ndowa umakwera. Titachotsera zonse, anaona okha kuti ulendo wa matumba atatu ku Limbe umadya mpamba, pamene kukagulitsa ku Nkhata Bay kapena kuphatikiza katundu wa anthu asanu n'kutuma mmodzi kumasiya kanthu. Mmodzi anati wakhala akudabwa kwa zaka kuti amagwira ntchito usana ndi usiku koma ngongole siitha.

Sindikufuna kudzinamiza. Amayi awa ayendetsa gulu lawo kwa zaka zisanu ndi chimodzi popanda ine, ndipo nkhuku imene andipatsa madzulo ano siingalipire fizi ya ana a achimwene. Funso la mmene ndidzapezere chakudya likadalipo, ndipo ndiyenera kuliyankha chaka chino chisanathe, mwina posunga mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono ku Blantyre masiku ena pa sabata. Koma usiku uno ndikulemba mutu wanga uli ndi ntchito, ndipo ndajambula kale tsamba la kaundula la mizere isanu yokha, limene mlembi angalisunge popanda kusokoneza thumba la ngongole ndi la zadzidzidzi.

Lachiwiri

Ilala yalira m'mawa ikuchokera ku Nkhata Bay, ndipo tikiti yanga yobwerera inali ya lero. Chikwama ndinachimanga usiku. Kusanache kwenikweni kunabwera amayi awiri ochokera ku Makulawe, atamva za dzulo, kudzapempha kuti ndikaone mabuku a gulu lawo Lachinayi, ndipo anati a ku Nkhwazi nawonso akufuna. Ndinawayang'ana azakhali, iwo n'kungopitiriza kusonkha moto osanena kanthu.

Ndinatsikira ku doko ndi chikwama chaching'ono chokha. Ndinawaimbira foni achimwene kuwauza kuti ndibwera ndi sitima ya sabata ya mawa, ndipo atandifunsa chimene chandigwira, ndinati ndili ndi mabuku a magulu awiri oti ndiwaone. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati azakhali akudya bwino. Ndinaima pa gombe mpaka sitima itazungulira kuloza kum'mwera, ndipo mayi wina amene ankadikira katundu wake anandipatsa moni n'kundifunsa ngati ndine mlendo wa manambala uja. Ndinavomera.

Pobwerera ndinadzera pa golosale ya ku Mbamba, kumene ndinagula makope anayi a chikuto cholimba, rula ndi zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu. Mlembi uja abwera nthawi ya 2 koloko ana akaweruka ku sukulu, kuti tijambule limodzi mizere ya kaundula watsopano, ndipo ku Makulawe tipitira limodzi kuti akawaonetse anzakewo ndi iyeyo.